Chidziwitso pa Laibulale ya ku Wick

Mayi Ishbel amata pepala pachitseko,
mphepo ya kunyanja ikulimbana ndi selotepi:
"Lachitatu titseka msanga, madzi aundana m'mapaipi.
Chindapusa cha mabuku ochedwa tachotsa.
Ingobwezani, sitifunsa."

M'munsi mwake, ndi pensulo:
"Sabata ino lawani la mlonda wa nsanja ya nyali,
lili pashelefu yoyandikana ndi chotenthetsera."

Bambo Lachlan, msodzi wopuma,
awerenga kawiri, ndevu zili mbuu ndi chipale chofewa.
M'thumba la jasi muli buku la maluwa
lomwe akazi awo anabwereka
chaka chomwe anatsikira kuli chete,
tsamba 112 likadali lopinda pakona.

Alowa. Aliika patebulo.
Dzanja likana kuchokapo.

Mayi Ishbel ayang'ana dzanjalo,
anyowetsa chidindo, nkuti pha!
"Masabata ena atatu."