Pakhonde la Mabuku ku Limbe

Mwabwera ndi kapepala ka aphunzitsi, mayi,
kopinda kanayi, kochokera pa mfundo ya chitenje.
Masamu. Sayansi. Mafunso a chaka chatha.
Onsewo ndili nawo, ali apo pa katoni,
akuuma ndi dzuwa ngati makaka.

Koma tamuonani mwana wanuyo.
Chifikireni sanaicheukire katoniyo.
Wanjuta pa thumba la kumapetoko,
chala china m'kamwa, china pa tsamba,
minibasi ya ku Bangwe ikulira hutala kumsana kwake,
iye osaimva.

Dzina lake ndani? Malizani?
Basi, musiyeni amalize.

Wagwiralo lilibe chikuto.
Linanyowa ndi chiperoni
tsiku lomwe a khonsolo anatithamangitsa pano.
Muli mtsikana wina wa ku Mbayani
amene anatola kiyi m'matope a Mudi
nayamba kuyesa zitseko zonse za m'tauni,
cha banki, cha bucha, cha mokonzera mawotchi.
Tsamba lomaliza linang'ambika.
Ana atatu analitenga nalibweza,
aliyense atalemba mathero ake ndi pensulo,
ndipo Asiyatu, mwana wa telala uyo,
analemba kuti kiyiyo inali ya nyumba yawo yomwe.

Mukuti zibwera pa mayeso?
Ayi ndithu, mayi. Palibe chibwere n'chimodzi chomwe.

Ngati amaseka msanga, mutengereni ili,
la mbuzi yomwe inakwera minibasi ya ku Chirimba
ilibe ndalama, nidya matikiti... pepani,
nidya chipewa cha kondakitala.
Inenso ndimalitsegula malonda akavuta.
Ngati ndi uja womasula wailesi
n'kutsala ndi timisomali tiwiri m'manja,
pali ili la zithunzi za m'mimba mwa injini,
mafuta a zala za mwana wina akadali pa tsamba lachinayi.
La nyenyezi ili ndi la masiku ozima magetsi:
awerenge masana,
usiku atuluke panja akaziitane mayina
pamwamba pa phiri la Soche.
Loopsa lilipo, koma ndimayamba ndafunsa
ngati mwanayo amagona ndi akulu ake.

Musamufunse kuti waphunziramo chiyani.
Kodi mwana akamayamwa bango
mumamufunsa za mavitamini?

Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi.
Kuwerenga kwenikweni ndinakupeza ku Makata
ndili mlonda, pansi pa getsi la pageti,
agulugufe a usiku akundigwera pa tsamba.
Ndinayamba ndi nyuzi yokulungira zitumbuwa,
nkhani yodukira pakati, mafuta ataphimba dzina la wakuba.
Mpaka lero sindidziwa anaba ndani.
Mwina n'chifukwa chake ndili pano
ndi matumba atatu ndi pulasitiki yotchingira mvula.

La Masamu ndi zikwi zinayi. Chabwino, chotsani mazana asanu.
Ndaona mukuwerenganso zotsalazo,
ndi za minibasi, ndikudziwa, musazikhudze.
Lopanda chikutolo silili pa mtengo.
Apite nalo. Abwere nalo Loweruka,
koma asabwere chimanjamanja:
ndikufuna kumva kuti kiyi ija
yatsegula chitseko chiti kwa Malizani.

Ndipo inu, mayi, ndakuonani.
Pamene ndimafuna chenji m'thumba
munaliwerama la mbuzi lija,
milomo ikuyenda, kenaka munabisa mano ndi dzanja.
Palibe mlandu. Silinalembedwe zaka za mwini wake.

Pitani bwino.
Mumugwire kolala podutsa msewu,
akuyenda maso ali pa tsamba,
ndipo a kabaza a kuno sadziwa
kuti mnyamatayo ali ku Mbayani,
pa khomo lachisanu ndi chiwiri,
kiyi ili m'manja.