Zala za Wometa wa ku Kars

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikumeta
amuna a mumzinda uno wa Kars,
kumene chipale chofewa chimameza matayala a galimoto
ndipo nyama ya tsekwe imayanikidwa pakhonde ngati zochapa.
Lumo limadziwa ndevu basi.
Zotsalazo zimadziwa ndi zala.

Muzaffer, woyendetsa sitima, ali nako kuseri kwa khosi
kachotupa kofewa ngati mtanda wa buledi,
kothawathawa ukakakhudza.
Mafuta chabe, anatero dokotala kalekale.
Takalamba nako limodzi; chipeso changa chimakalambalala
monga mlendo alambalala galu wogona pakhomo.

Mwana wa Nurettin anabwera ndi mwanabere,
dzino likumugogoda usiku wonse.
Atalizula dzinolo, mwanabere anasamuka osatsanzika.
Chithupsa nacho sichidziwa kubisala:
chimafiira, chimatentha, chimakuwa
ngati wogulitsa tchizi pamsika.
Ndimangoti usachifinye,
thupi likatentha nacho limodzi, thamanga kuchipatala.

Zaphokosozo sizindisowetsa tulo.
Ndimaopa chachete.

Lachinayi lina, ndikumanga nsalu m'khosi mwa Cevdet,
chala changa chinapunthwa
m'kadzenje ka pakati pa khosi ndi phewa.
Kanthu kolimba, nthangala ya azitona.
Ndinakakankha. Kanangoti nji.
Kamapweteka? Ayi.
Kanayamba liti? Chipale choyamba chisanagwe,
kali ngati mphodza nthawi imeneyo.
Maso anga anatsikira pa lamba wake:
mabowo awiri atsopano, oboola ndi msomali.
Nanga usiku?
Anaseka. Thukuta, m'bale wanga, m'Januwale muno,
mkazi wanga akuti ndikumunyowetsera mapilo.

Ndinaika lumo pansi, tsaya limodzi lidakali thovu.
Ine si dokotala, ndinatero,
sindingakuuze dzina la kanthuka.
Koma mlendo akatha masabata awiri osatsanzika,
akamanenepa iwe ukuwonda,
akakana kusendera ngakhale pang'ono,
umapita naye kwa odziwa kufunsa mayina.

Koma sikapweteka, Muhittin.
N'chifukwa chake, ndinatero.
Ndipo anthu adzati chiyani, bambo wamkulu
kuvula malaya chifukwa cha kanjere?
Mbewa yamanyazi idafera kuuna, Cevdet. Dzuka.

Ndinakhoma chitseko masana dzuwa likuswa mtengo,
tiyi akufuka nthunzi m'timatambula tiwiri.
Tinayenda pamsewu woterera titagwirana mikono,
iye tsaya lina loyera, lina tchire,
ana a sukulu akutiloza n'kumaseka.

Dokotala Feride sanaseke.
Anapapasa, anafunsa zomwe ndinafunsa ine,
anawonjezera zina zomwe sindikanaziganiza,
kenaka singano inatapa kanyama kukayeza.
Masiku khumi aja ndinadula makasitomala awiri.
Sindinadulepo munthu chimwalirireni bambo anga.

Khansa, anatero, koma mwabwera idakali pakhomo,
isanalowe kuchipinda.

Tsopano maluwa aphuka m'mbali mwa linga lakale.
Cevdet amabwerabe Lachinayi lililonse,
mutu uli mbee, nsidze zinapita ndi mankhwala,
palibe n'kamodzi komwe koti lumo ligwire.
Amakhala pampando, amakweza chibwano:
Malizitsa tsaya lija, iwe, ndinalipira onse awiri.

Ndimapaka thovu. Ndimameta mphepo.
Ndipo madzulo, ndikatsuka malumo,
ndimaima pagalasi ndekha, kolala yomasula,
zala zikuyenda pang'onopang'ono m'khosi mwanga,
m'khwapa, pachifuwa,
ngati munthu woyendera nyumba yake asanagone.