Thanki Nambala Folo

Seveni koloko m'mawa ku Edenvale,
chisanu cha Juni chikuluma zala,
ine payipi m'manja, kupopa zitosi za nsomba.

Izi si nsomba za ndiwo.
Iyi maso adatupa ngati matuza a moto,
ikangokhudza mwala, diso laphulika.
Iyo pakamwa sipatsekeka,
imangoti kakasi ngati yamva za maliro.
Zapakona zija akuti adazithira mbewu ya chamoyo china
zikadali m'dzira;
ukayatsa getsi la buluu zimayaka, pinki, girini,
ngati zikwangwani za mabala usiku.

Bwana Labuschagne akuti palibe tchimo apa.
Agalu a miyendo yaifupi aja adagwa kumwamba?
Nanga chimanga cha haibulidi sudya?
Nkosana wa pathilo amangoseka:
zikutilipirira lendi, sisi, zisiye ziwale.
Mai Chinsinga a kumpingo nditawaonetsa pafoni
adalavula: Mulungu sadalembe ganyu wopenta.
Amanena izi nkhope ili mbee kuposa khosi,
mafuta ogula pa Small Street.
Ndidangoyang'ana pansi.

Anga maganizo amasintha ndi tsiku.
Loweruka kamtsikana kadakanikiza mphuno pagalasi
mpaka kuiwala kupuma. Ndidati basi, ziwale.
Lolemba ndidavuula zitatu ndi kaukonde,
mimba m'mwamba,
zatopa kukoka michira yomwe sizidapemphe.

Ndiye mu thanki nambala folo mudaswa ana.
Miyezi itapita onse adasanduka golide
kupatula kamodzi,
kotuwa ngati madzi otsukira mbale,
mchira wamba, maso ali m'malo mwake.
Kabwerera kwa makolo aka, adatero bwana,
kaponyere zikuluzikulu zija zidye.

Ndidakaika m'botolo la mayonezi,
m'chikwama, pansi pa juzi.
M'takisi ya ku Noord madzi ankandinyowetsa ntchafu,
ine duu.

Pano kali m'beseni pawindo ku Rosettenville.
Kamadya zilizonse. Kamathamanga
kuposa onse a golide aja.
Sindikunena kuti nkokongola, ayi.

Kuntchito amanditcha Lee,
akuti Lekeleni limatopetsa lilime.
Ndimayankha msanga, ndimamwetulira bwino.

Magetsi akathima usiku
ndimaganiza za pinki ndi girini kushopu kuja,
zili mumdima ngati nsomba ina iliyonse.
Kuno sindikaona nkomwe kanga aka.
Ndimangomva madzi, thapu,
ndiye ndimakauza dzina langa lonse,
ndi la mfunda lomwe.