Chipata cha Pamphambano ya Haddenby

Lachiwiri. M'kaundula ndalemba ngolo ziwiri:
ya tirigu ya bambo Kettley, makobili anayi,
ndi ya malasha, yobwerera yopanda kanthu,
imene lamulo likuti isalipire kawiri.
Basi. Inki yauma kunsonga kwa nthenga
ndisanaiviikenso.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala m'kanyumba aka
ka mazenera atatu, lililonse loyang'ana msewu wake.
Ambrose ali moyo tinkagona mosinthana.
Ngolo ya makalata inkaliza lipenga
ikadali kuseri kwa phiri la choko,
iye n'kudzambatuka, nsapato ina kuphazi ina m'manja,
kukankha chipata mahatchi akupuma nthunzi m'chisanu.
Ankatukwana. Ankakonda.

Kenaka kunabwera amuna a zipewa zazitali,
akukoka unyolo woyezera m'dambo la tchalitchi.
Anamwa tiyi wanga, nayamikira maapozi anga,
nakhoma zikhomo zofiira mpaka kumtsinje.
Mwana wanga Jabez anatsata zikhomozo, fosholo paphewa.
Amalemba pa Khrisimasi. Zilembo zake zikunka zichepa,
akuti kumene aliko dzuwa limatuluka lovala mwaye.

Tsopano sitima imadutsa folo koloko.
Utsi umakwawa pampanda wa minga ngati mphaka,
ng'ombe zinaleka kudzutsa mitu.
Pakati pa msewu pamera udzu,
dzulo ndinapezapo kaduwa kachikasu,
ndinakasiya.

Kalata ya akuluakulu a msewu ili pansi pa choikapo kandulo.
Mayi Thirza Pennock, ikutero, tikuthokoza.
Pakutha kwa Okutobala chipata chizulidwa,
matabwa ndi mahinjesi zigulitsidwa kwa wopereka zambiri,
kanyumbanso.
Ndaiwerenga kasanu, mawu sakusintha.
Ndathirabe mafuta m'mahinjesi.
Munthu asadzagule chinthu cholira.

Chakumadzulo, nkhungu itatsika,
ndinamva kabelu, kenaka chifuwa:
Obadiah Fenn ndi nkhosa zake ndi galu wa diso limodzi.
Ameneyu sakhulupirira njanji.
Akuti nkhosa yokwera sitima imafika kumsika
itaiwala kuti ndi nkhosa.

Ndinatsegula pang'ono, mpata wa imodzi,
monga anandiphunzitsira Ambrose,
ubweya wonyowa ukukhula siketi yanga.
Khumi. Makumi awiri. Ina inaima kununkhiza nsanamira,
sitinaifulumize.
Pa makumi anayi ndinasokoneza dala.
Iye anaona, sananene kanthu,
anangoimbira galu mluzu kuti azibweze zonse,
tinayambiranso.

Makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu.
Anamasula mpango, nawerengera m'dzanja langa
makobili ofunda, osalala,
nkhope ya mfumukazi itafufutika ndi zala za anthu.
Kodi mukapita kuti, mayi?
Kwa mlamu wanga, ndinatero, kuli chipinda pamwamba pa sitolo,
zenera limodzi, loyang'ana khoma.
Anagwedeza mutu, natafuna fodya wake nthawi yaitali.
Mvula ibwera Lachisanu, anatero.

Ndinaima mpaka kabelu katamezedwa ndi nkhungu.
Ndinakoka chipata, mpiringidzo unagwa m'malo mwake
mopanda phokoso.
M'nyumba ketulo inali itauma.
Ndinayatsa kandulo, ndinanola nthenga,
ndinalemba nkhosa zija pamzere wachitatu,
pansi pake n'kujambula mizere ya mawa.