Kachiwaya ka Atsibweni

Zaka khumi ndi ziwiri atsibweni a Zakeyu
anatsuka mbale za Mgiriki ku Joni.
Anabwerako ndi chikwama chimodzi, chifuwa,
ndi kachiwaya ka makutu awiri.

Lero ku Bembeke nkhungu yatsika mpaka pakhonde.
Tchizi akagula ku boma, mtengo sanatiuze.
Adula chidutswa chonenepa ngati sopo wochapira,
achiviika m'madzi ozizira,
achigubuduza mu fulawa, nachisasa ndi chala.

"Mafuta ayambe ayankhula," akutero,
makala akuthetheka m'mbaula.
Tchweee!
Ife timati chisungunuka, ndalama zipita ndi utsi,
koma chavala nkhoko yofiirira ngati chigumu,
m'kati mukunjenjemera.

Mgiriki ankathira mowa wa kwawo.
Iwo athira kachasu wa kwa Nangozo, supuni imodzi.
Lawi buu! mpaka m'nsidze,
galu wathawira m'munda wa mbatatesi.
Afinyira ndimu, moto wagona.

Tagawana anthu asanu ndi awiri, zala zikupsa,
aliyense kake ngati kabokosi ka machesi.
Mchere, mkaka, kautsi pang'ono.
Iwo atafuna nthawi yaitali, maso ali kuphiri.

"Zaka zonse zija," atero popukuta kachiwaya,
"ine ndinkangodya fungo."