Yotchipa ya Pakona

Ndinaigula Lachitatu, mwezi wa fumbi,
ndi ndalama za matumba makumi atatu a soya.
Zodula zinagona m'galasi, zonyezimira ngati nsapato za loya,
ine ndinaloza ya pakona,
yakuda bii, dzina lake lopinda lilime.
Wogulitsa anangoti: iyinso imalira, achimwene.

Musandifunse chifukwa.
Kafunseni Gwaza, mlonda wa sitolo yanga ku Mchesi,
amene tinamupeza m'mawa atamangidwa ndi waya wa nyale,
kamwa lodzaza sokosi yake yomwe.

Chikalata cha ku polisi ndinachidikira dzinja lonse,
zala zadinda inki, zithunzi zinayi,
benchi ya pakhonde mpaka inandiloweza.

Loweruka timapita njira ya ku Mitundu,
kuchidzenje kumene ankaswa miyala kale.
A Chatepa, msilikali wopuma, khutu limodzi logontha,
amandiimika ngati mwana wa sukulu.
Chala kunja! Kamwa lake kuchigumula!
Pumani kaye, bambo, simukuthyola chitseko.
Ndinakoka.
Phaa! Dzanja linadumpha lokha,
njiwa zinabalalika mumthethe,
chandamale chili phee, choyera ngati nsalu ya ubatizo.
Chipolopolo chachinayi, yatsamwa.
A Chatepa anaseka mpaka chifuwa:
mwagula nkhuku ya chitopa.

Ndiye matenda anandilowa.
Sipuling'i yatsopano inabwera ndi mlamu wa thiraki kuchokera ku Joni,
itakulungidwa m'pepala la buledi.
Chogwirira chinkaterera thukuta,
ndinachiveka mphira ya chubu cha kabaza.
Pansonga pochalira ndinadontheza penti ya zikhadabo,
yofiira, ya mwana wanga Tiyamike,
amene mpaka lero akunamizira mng'ono wake.
Kenako magazini ena, kenako chikwama chachikopa cha ku Malangalanga,
kenako mafuta a m'kabotolo kochepa ngati mankhwala a m'maso.
Usiku ndimaimasula pa nyuzipepala,
chitseko chokhoma, zipolopolo kutali m'chitini,
ndikupukuta ndi msuwachi wakutha.

Nasiwelo ali ndi kabuku kake.
Anandiwerengera tsiku lina magetsi atathima:
izi zonse mwaivekazi
zikanagula ija ya m'galasi, n'kutsala chenji ya malata.
Denga likudontha pamutu pa ana,
inu mukudzoza chitsulo mafuta.
Ndinalibe poyankha. Nyani wokalamba saphunzira kuvina,
koma ine zibowo zisanu tsopano zimagundana
malo oti n'kuphimba ndi chivindikiro cha botolo la chiponde.

Dzana, cha m'ma thuu koloko, galu anauwa mwachilendo.
Geti linalira.
Kiyi wa bokosi ali pakhosi panga ngati kolona,
ndinatsegula mumdima, mawondo akuombana,
zonse za a Chatepa zitauluka ngati njiwa zija.
Ndani?
Zii.
Ndani, ndati!
Ndine, ankolo.
Mavuto wa a Kalichero oyandikana nawo,
wa fomu folo, ataledzera koyamba m'moyo wake,
wasokoneza mageti.

Ndinamuperekeza kwawo ndili chimanjamanja.
Pobwera ndinasanza paduwa la Nasiwelo.

Loweruka ndinapitabe.
A Chatepa anaitembenuza uku ndi uku, nati yakula,
sikutsamwanso, nkhuku yachira.
Ndinaombera khumi, zisanu ndi zitatu pakati.
Sindinawauze za Mavuto.
Ndinatola makoko otentha m'fumbi, limodzilimodzi,
ndikuwerenga kawiri,
ndi kupempha chamumtima, ine wosapempherapemphera,
kuti chitsulo ichi chidzakalambe nane
chitapha mapepala okhaokha.

Malata ndagula asanu ndi limodzi.
Otsalawo mwezi wamawa,
ngati sindidutsa pa sitolo ija.