Wonyamula Zikwama

Anandifunsa dzina kawiri asanaligwire.
Zuze, ndinatero, wa kwa Kamenyagwaza,
ndikukoleka kumsana chikwama
cholemera ngati thumba la kachewere wonyowa.
Iwo anali atatu, ochokera mumzinda,
nsapato zatsopano zikulira pamiyala,
aliyense ndodo ziwiri zachitsulo, kuyenda ngati chiwala.
Mayi Nsanjama anali ndi wotchi yowerenga mapazi.
Ndinaseka chamumtima.
Njira yomweyi amayi anga ankaidula m'bandakucha,
dengu la chimanga pamutu, ine kumsana,
ulendo wa kuchigayo ku Bembeke,
ndipo palibe anawawerengerapo phazi.

Tinagona m'kalasi, pasukulu yopanda zitseko.
Pabolodi panatsala samu ya dzulo, yosamaliza.
Mphepo ya Juni inalowa osaodira
nkutisecha mmodzimmodzi ngati wapolisi wa pa rodibuloko.

Tsiku lachiwiri, chitunda.
Minda ya kabichi yopachikika m'mbali mwa phiri,
mwana woweta mbuzi atavala juzi ya bambo ake,
mapaini onunkhira utomoni,
kenaka zitsa zokhazokha
ndi uvuni wa makala ukufuka mwakachetechete.
Anandifunsa kuti wadula ndani.
Ndinati sindikudziwa.
Ndimamudziwa. Ndi mlamu wanga.

Nkhungu inatipeza masana,
inameza kaye mudzi wa kumunsi, kenaka njira,
kenaka Bambo Gadama amene anali patsogolo panga.
Tinayenda motsatira chifuwa chawo, kho! kho!
Anyani anatitukwana ali pathanthwe, osaoneka.
Pansi pa mwala waukulu tinabisala mawawa,
ndipo pamwamba pa mitu yathu
panali mizere yofiira ya anthu amakedzana,
zozungulira, timadontho, kanyama koyera kotambasula miyendo.
Iwo anajambula ndi mafoni.
Ine ndinafinya masokosi.

Tsiku lachitatu wotchi ija inafa.
Mayi Nsanjama anaigogoda, anaiyika kukhutu,
chidendene chawo chitatuluka matuza awiri.
Zuze, tayenda mtunda wanji?
Ndinayang'ana uku ndi uku.
Ndinati, tafika pomwe amayi ankatula dengu koyamba.
Nanga ankatula kangati?
Katatu. Kanayi chaka chomwe anali ndi pakati pa Felesiya.
Sanayankhe. Anamanga chingwe cha nsapato,
ndipo kuyambira apo sanafunsenso za makilomita,
ankangoti, kachiwiri kali patali?

Kachiwiri ndi padziwe la pamwamba,
lobisala pakati pa mapiri awiri ngati ndalama m'chikhatho.
Madzi ake amaluma mano.
Tinafika dzuwa litapendeka, nkhungu itang'ambika,
Mozambiki ali apo, wabuluu, ngati ungamuponyere mwala.
Bakha wam'tchire mmodzi analemba mzere pamadzi
nkuufufuta yekha.
Mayi aja anaviika mapazi, nalira mayo!
kenaka anaseka mpaka misozi,
kenaka misozi yokha.
Sindinafunse. Wonyamula katundu
amadziwa kuti china sichikhala m'chikwama.

M'mawa mwake anati, ndipatseni ndisenzeko.
Ndinakana. Anaumirira.
Anachisenza kuchokera pamsuku kukafika pamlombwa wopsa,
mwina mapazi mazana awiri, ndani akudziwa,
wotchi inali itagona m'thumba.
Atatula anati, amayi anuwo dzina lawo ndani?
Nangozo.
Analitchula kamodzi, bwinobwino.

Pamsewu wa tara galimoto inali ikudikira.
Anandiwerengera ndalama, nawonjezera masokosi aubweya,
fumbi linawatseka.

Ndinabwerera njira yomweyo ndekha, chimanjamanja,
msana ukufunafuna cholemera chake.
Pamwala wachitatu, umene sindinawaonetse,
uli ndi kadzenje kosalala pomwe dengu linkakhala,
ndinakhala pansi osatopa.
M'kadzenjemo munali madzi a mawawa a dzana
ndi tsamba limodzi la msuku.
Kumunsi, kutali, chigayo chinali kulira.